Mafunso ndi mayankho pa nambala ya 2,147,483,647

Nambala iyi imapezeka m'malo awiri amene munthu sangaganize kuti amayenderana: m'buku la masamu pamutu wa ma prime number, ndiponso pa sikirini ya kompyuta pulogalamu ikasokonezeka. Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ana a ku sekondale, kwa amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, ndi kwa ena amene anangoiona penapake n'kudabwa. Oyambirirawo ndi opepuka, enawo akufuna cholembera ndi pepala.

Kodi nambalayi ndi yaikulu motani?

Ndi mabiliyoni awiri, mamiliyoni 147, masauzande 483, ndi 647 yapamwamba. Ili ndi madijiti khumi. Mutati muziwerenga mokweza, nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, osapuma, mungaifike patapita zaka 68 ndi masiku owerengeka. Zaka 68 zimenezi muzisunge m'mutu, tikumana nazonso pa funso la chaka cha 2038.

Madijiti ake akuoneka osokonekera. Kodi inachokera kuti?

Akuoneka choncho chifukwa tikuilemba m'kawerengedwe kathu ka makumi. Chiyambi chake n'chosavuta: tengani ma 2 okwana 31, muwachulukitse onse pamodzi, mupeza 2,147,483,648. Chotsanipo 1. Mwachidule imalembedwa 2³¹ − 1.

Njira imene ine ndimaikonda poifotokoza ndi ya mwezi wa Januwale. Munthu akupatseni K1 pa 1 Januwale, K2 pa 2, K4 pa 3, K8 pa 4, tsiku lililonse kuwirikiza kawiri za dzulo lake. Pakutha pa masiku khumi muli ndi K1,023 yokha, ndalama yoti simungapite nayo patali pamsika. Pa tsiku la 20 zonse pamodzi zafika K1,048,575. Pa tsiku la 30 zafika K1,073,741,823. Ndiye tsiku lomaliza, la 31, likubweretsa lokha ndalama yoposa ya masiku 30 onse aja ndi kwacha imodzi, ndipo m'thumba muli K2,147,483,647 ndendende. Pangano lomweli mukanachita mu Febuluwale wa masiku 28 mukanapeza K268,435,455 basi. Masiku atatu okha, koma taonani kusiyana kwake.

M'kawerengedwe ka makompyuta, kamene kali ndi 0 ndi 1 basi, nambalayi imalembedwa ndi ma 1 okhaokha okwana 31 ondondozana. Kumeneko ilibe chosokonekera chilichonse. Ili ngati mmene 999 alili kwa ife.

Amati ndi prime number. Zikutanthauza chiyani?

Prime number ndi nambala yoposa 1 imene singagawike popanda chotsala ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mbuzi 12 mukhoza kuzigawira anthu awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi, aliyense n'kulandira zofanana. Mbuzi 13 ayi: kaya munthu mmodzi atenge zonse, kaya anthu 13 atenge imodzi imodzi. Choncho 13 ndi prime, 12 si prime.

2,147,483,647 ndi prime. Pa mndandanda wa ma prime onse, kuyambira 2, 3, 5, 7, iyo ili pa nambala 105,097,565.

Ndingayese ndekha ndi pepala kuti sigawika?

Ndi nambala zing'onozing'ono mukhoza. Imathera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 zagwa kale. Phatikizani madijiti ake: 2 + 1 + 4 + 7 + 4 + 8 + 3 + 6 + 4 + 7 = 46. Popeza 46 sagawika ndi 3, nambala yathunso sigawika ndi 3 kapena 9. Mukaigawa ndi 7 patsala 1. Ndi 11 patsalanso 1. Ndi 13 patsala 10.

Funso lenileni ndi lakuti mudzalekera pati. Simufunika kuyesa mpaka mabiliyoni awiri. Nambala zogawa inzake zimayenda ziwiriziwiri, ina yaing'ono ina yaikulu, monga 36 = 4 × 9 kapena 3 × 12, ndipo yaing'onoyo singapose square root, nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabala nambala yonseyo. Tsono 46,340 × 46,340 = 2,147,395,600, imene ikuchepera nambala yathu, pomwe 46,341 × 46,341 = 2,147,488,281, imene yapitirira. Malire ndi 46,340. Komanso mungoyesa ma prime okhaokha, chifukwa nambala imene yakana 3 singalole 6 kapena 15. Ngakhale zili choncho, ma prime a pansi pa 46,340 ndi oposa 4,700. Kugawa nambala ya madijiti khumi maulendo oposa 4,700 pamanja, osalakwitsa ngakhale kamodzi, si ntchito ya Loweruka limodzi. Yankho lotsatirali likusonyeza mmene munthu wina anaidulira ntchitoyi.

Ndani anatsimikizira koyamba kuti ndi prime?

Leonhard Euler, katswiri wa masamu wobadwira ku Basel m'dziko la Switzerland mu 1707, amene pa nthawiyo ankakhala ku St Petersburg. Anazilemba m'kalata yopita kwa Daniel Bernoulli mu 1772. Apa n'kuti maso ake atatsala pang'ono kufa onse awiri, ndipo zambiri ankachita kuuza ena kuti amulembere.

Euler sanagawe maulendo 4,700. Anayamba wafunsa kuti: ngati pali prime imene ingagawe nambalayi, iyenera kukhala yooneka bwanji? Pierre de Fermat anali atasonyeza kale m'zaka za m'ma 1600 kuti p akakhala prime woposa 2, prime iliyonse yogawa 2ᵖ − 1 (ma 2 okwana p ochulukitsidwa pamodzi, kuchotsapo 1) imakhala yoti mukaigawa ndi 2p, ndiye kuti 2 × p, patsala 1. Onani pa chitsanzo chaching'ono: 2¹¹ − 1 ndi 2,047, imene ndi 23 × 89. Apa 2p ndi 22. Ndipo zoonadi 23 = 22 + 1, pomwe 89 = 88 + 1, ndipo 88 ndi 22 × 4. Pa nambala yathu 2p ndi 62, choncho zoyesa ndi 63, 125, 187, 249, 311 ndi zina zotero. Kufika pa malire aja zilipo 747.

Kenako pali sefa yachiwiri. Prime yogawa nambala ya mtundu umenewu iyeneranso kusiya 1 kapena 7 mukaigawa ndi 8. Mukaphatikiza malamulo awiriwa, zotsala ndi nambala zimene zimasiya 1 kapena 63 mukazigawa ndi 248, ndipo zimenezi sizikwana 400. Mukachotsamo zimene sizili ma prime, monga 63 ndi 249, zotsala sizikwana 100. Yoyamba ndi 311. Zonsezo anaziyesa, palibe inagawa.

Kwa ine pokoma pa nkhani ya nambalayi ndi pamenepa. Amene amangoloweza kuti "Euler, 1772" ataya nyama n'kusunga fupa. Chofunika ndi mmene ntchito ya maulendo zikwi anaipetera mpaka kutsala yokwana pa mapepala ochepa.

Nanga dzina loti Mersenne prime likuchokera pati?

Prime iliyonse yolembedwa ngati 2ᵖ − 1 imatchedwa Mersenne prime, potengera Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1588 mpaka 1648. Zoyambirira ndi 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287. Yathuyi ndi yachisanu ndi chitatu. Taonani kudumpha kwake: kuchoka pa nambala ya madijiti asanu ndi imodzi kufika pa ya madijiti khumi, pakati popanda ina.

Popeza 31 ndi prime, kodi sizodziwikiratu kuti 2³¹ − 1 ikhalanso prime?

Ayi, ndipo msampha umenewu wakola anthu ophunzira kwambiri. Chimene chili choona ndi mbali imodzi yokha: p akakhala kuti si prime, 2ᵖ − 1 singakhale prime. Mwachitsanzo 2⁶ − 1 ndi 63, imene ndi 7 × 9. Koma p kukhala prime sikulonjeza kanthu. Taona kale kuti 11 amabala 2,047, yogawika ndi 23. Pakati pa 19 ndi 31 pali ma prime awiri, 23 ndi 29, ndipo onse akulephera: 2²³ − 1 = 47 × 178,481, pomwe 2²⁹ − 1 = 233 × 1,103 × 2,089.

Pietro Cataldi wa ku Italy anatsimikizira za 17 ndi 19 mu 1588, n'kunenanso kuti 23, 29, 31 ndi 37 zikugwira. Pa zinayizi anakhoza imodzi yokha, 31, ndipo kukhozako kunali kwa mwayi chifukwa analibe umboni. Mersenne nayenso mu 1644 anatulutsa mndandanda wake: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Analakwitsa pa 67 ndi 257, ndipo anasiya 61, 89 ndi 107. Za 67 zinaonekera poyera mu 1903, pamene Frank Nelson Cole anaima pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York n'kusonyeza pa bolodi kuti 2⁶⁷ − 1 = 193,707,721 × 761,838,257,287.

N'chifukwa chake ulemu umapita kwa Euler ngakhale kuti ena anali ataitchula kale nambalayi. M'masamu kunena si kanthu, umboni ndiwo umawerengedwa.

Ndinaona penapake akuti ndi double Mersenne prime. N'chiyaninso chimenecho?

Ndi Mersenne prime imene p wakenso ndi Mersenne prime. Apa p ndi 31, ndipo 31 = 2⁵ − 1. Zodziwika za mtundu umenewu ndi zinayi zokha: 7, 127, 2,147,483,647, ndi 2¹²⁷ − 1, imene ili ndi madijiti 39.

Ikugwirizana bwanji ndi ma perfect number?

Perfect number ndi nambala imene mukaphatikiza zonse zoigawa, kusiyapo iyo yomwe, mumabwerera pa iyo. 6 = 1 + 2 + 3. Chimodzimodzi 28 = 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Kenako 496, kenako 8,128, ndipo yachisanu ili kutali pa 33,550,336.

Euclid anasonyeza kale kwambiri, Yesu asanabadwe, kuti Mersenne prime iliyonse imabala perfect number: muichulukitse ndi theka la nambala yoitsatira. Pa 7, yotsatira ndi 8, theka lake 4, ndipo 7 × 4 = 28. Pa 31, yotsatira ndi 32, theka lake 16, ndipo 31 × 16 = 496. Euler anadzamaliza mbali inayo, kuti perfect number iliyonse yogawika ndi 2 imachokera njira yomweyi, palibenso ina.

Tsono 2,147,483,647 × 1,073,741,824 = 2,305,843,008,139,952,128. Iyi ndi perfect number yachisanu ndi chitatu, ya madijiti 19, ndipo nambala zoigawa zilipo 62. Muipezanso mukaphatikiza nambala zonse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,647, monga momwe 28 alili 1 + 2 + 3 + 4 + 5 + 6 + 7.

Mu 1811 katswiri wina wa ku England, Peter Barlow, analemba kuti perfect number imeneyi ndiyo yaikulu kwambiri imene idzapezeke, poti nambala zoterezi n'zongosangalatsa chabe, zopanda ntchito, ndiye palibe amene adzavutike kufunafuna ina. Anthu anavutikabe. Onani funso lomaliza.

Ili m'magulu ena ati a nambala?

Ndi odd number, popeza sigawika ndi 2. Ndi deficient number, kutanthauza kuti zoigawa zake mukaziphatikiza sizifika pa iyo. Ma prime onse ali m'gulu limeneli mosachita kufunsa, chifukwa choigawa chotsala ndi 1 yekha. Si square (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, ngati 9 = 3 × 3), monga taonera pa funso la kuyesa ndi pepala. Si twin prime, chifukwa twin prime imafuna prime inzake yosiyana nayo ndi 2, pomwe 2,147,483,645 ikugawika ndi 5 ndipo 2,147,483,649 ikugawika ndi 3.

Chosangalatsa ndi nkhani ya ma square. Joseph-Louis Lagrange anatsimikizira mu 1770 kuti nambala iliyonse ingalembedwe pophatikiza ma square osaposa anayi. Zina zimakwana ndi awiri, monga 13 = 9 + 4. Zina atatu, monga 11 = 9 + 1 + 1. Koma nambala imene imasiya 7 mukaigawa ndi 8 imaumirira anayi onse. Yesani 7 yemwe: 4 + 1 + 1 + 1, palibenso njira yachidule. Nambala yathu nayo imasiya 7, choncho awiri kapena atatu sangakwane. Nayi njira imodzi ya anayi:

46,339² + 425² + 10² + 1² = 2,147,302,921 + 180,625 + 100 + 1 = 2,147,483,647.

Nanga nambala zoyandikana nayo n'zotani?

Sizifanana nayo m'pang'ono pomwe. Yapamwamba pake, 2,147,483,648, ndi ma 2 okhaokha, ndipo zoigawa zilipo 32. Yapansi pake, 2,147,483,646, ndi 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331, ndipo zoigawa zilipo 192. Apa mpamene mukuona chifukwa chimene chotsala chinali 1 nthawi zambiri pamene tinkayesa 3, 7, 9 ndi 11: zonsezo zimagawa nambala yapansiyo, ndiye yathu ikungopitirira ndi 1.

Prime yoyandikira chapansi ndi 2,147,483,629. Yachapamwamba ndi 2,147,483,659.

Lero munthu angaitsimikize bwanji msanga?

Kompyuta iliyonse, ngakhale foni, ingamalize kugawa konse kuja musanaphethire. Koma pali njira ina yopangira ma Mersenne okha, imene anaiyamba Édouard Lucas m'zaka za m'ma 1870 ndipo Derrick Lehmer anaikonzanso cha m'ma 1930. Imatchedwa Lucas–Lehmer test. Mumayamba ndi 4. Mumachulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, kuchotsa 2, kugawa ndi nambala imene mukuiyesa, n'kusunga chotsala chokha. Mumabwereza zimenezi maulendo p − 2. Mukathera pa 0, nambalayo ndi prime. Mukathera pena, si prime.

Tiyese ndi 127, pamene p ndi 7, ndiye maulendo ndi asanu. Poyamba 4 × 4 − 2 = 14. Kachiwiri 14 × 14 − 2 = 194, kugawa ndi 127 patsala 67. Kachitatu 67 × 67 − 2 = 4,487, patsala 42. Kachinayi 42 × 42 − 2 = 1,762, patsala 111. Kachisanu 111 × 111 − 2 = 12,319, imene ndi 127 × 97 ndendende. Patsala 0.

Pa 2,147,483,647 maulendo ndi 29 okha. Njirayi ili ndi khalidwe lachilendo: nambala ikakhala kuti si prime imakuuzani, koma osakuuzani chimene chikuigawa. Lucas ankadziwa kuti 2⁶⁷ − 1 si prime zaka zambiri Cole asanapeze nambala ziwiri zija.

N'chifukwa chiyani imaonekaoneka pa makompyuta?

Mapulogalamu ambiri amasunga nambala yathunthu m'malo okwana mabiti 32. Biti ndi kamalo kamodzi kolandira 0 kapena 1. Biti yoyamba imasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa 0, ndiye zotsala ndi 31. Zonse 31 zikakhala 1, mwafika pa nambala yathu. Kupitirira apo malo atha.

Choncho nambala zokwana m'malo amenewa zimayambira pa −2,147,483,648 mpaka 2,147,483,647. Anthu amafunsa chifukwa chake mbali ya pamwamba ikuperewera ndi 1. N'chifukwa chakuti 0 nayenso amafuna pokhala, ndipo anamuika mbali imeneyo. Olemba mapulogalamu amaidziwanso m'kalembedwe ka hexadecimal (kawerengedwe ka ma 16 m'malo mwa makumi) ngati 7FFFFFFF.

Ndiye kuti opanga makompyuta anaisankha chifukwa ndi prime?

Ayi. Ili ndi funso limene ndimafuna kuti munthu achoke pano atalimvetsa, chifukwa ambiri amasakaniza nkhani ziwirizi. Malirewo anabwera chifukwa cha 32 kuchotsa 1. Kuti 31 amabalanso prime zinangochitika.

Umboni wake ndi malire a masaizi ena. Pa mabiti 16 malire ndi 2¹⁵ − 1, ndiye 32,767, imene ndi 7 × 31 × 151. Pa mabiti 64 malire ndi 2⁶³ − 1, ndiye 9,223,372,036,854,775,807, imene ikugawika ndi 7 chifukwa 63 akugawika ndi 3 ndipo 7 ndi 2³ − 1. Makompyuta amagwira ntchito bwinobwino ndi malire amenewa, alibe nazo ntchito zoti ndi prime kapena ayi. Pa mabiti 8 malire ndi 127, amene ndi prime, komanso mwangozi yomweyo.

Chimachitika n'chiyani nambala ikapitirira malirewo?

Zimatengera pulogalamu. Zina zimakana n'kulemba kuti pali vuto, ndipo izi ndiye zachilungamo. Zina zimangoima pa 2,147,483,647 osapitanso. Zina zimagudubuka ngati kauntala ya makilomita pa galimoto yakale ikadzaza ma 9. M'chinenero cholembera mapulogalamu cha Java, mukaonjezera 1 pa 2,147,483,647 yankho limabwera −2,147,483,648, popanda chenjezo lililonse. Kuonjezerako kumasandutsa ma 1 onse 31 kukhala ma 0, ndipo 1 wosefukirayo amakagwera pa biti ija yosonyeza kuti nambala ili pansi pa 0.

Zachitikapo poyera kangapo. Mu Disembala 2014 a YouTube analengeza kuti asamutsira kauntala ya anthu oonera kanema ku mabiti 64, kanema wina wa nyimbo ya ku South Korea atafika pa malirewa. Pa 1 Januwale 2022 maimelo anaima m'maofesi ambiri ogwiritsa ntchito pulogalamu ya maimelo ya Microsoft Exchange: mbali ina ya pulogalamuyo inkalemba deti ngati nambala imodzi yoyamba ndi chaka, ndipo 2201010001 inaposa malire, pomwe madeti onse a 2021 ankayamba ndi 21 n'kumakwana bwinobwino. Mu 2015 bungwe loona za ndege ku America, FAA, linachenjeza kuti zida zoyang'anira magetsi pa ndege za Boeing 787 zikhoza kuzima zikakhala zoyaka masiku 248 osazimitsidwa. Mukawerenga magawo 100 pa sekondi iliyonse, mufika pa 2,147,483,647 patapita masiku 248 ndi theka. Osewera gemu ya Old School RuneScape nawo amaidziwa nambalayi ngati malire a ndalama zimene munthu angasunge pa mulu umodzi.

Vuto la chaka cha 2038 ndi lotani?

Makompyuta a mtundu wa Unix, ndi ena ambiri amene anatengera njira yawo, amasunga nthawi powerenga masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, pakati pa usiku pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Masekondi 2,147,483,647 ndi masiku 24,855, maola atatu, mphindi 14 ndi masekondi 7. Adzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 UTC, pamene ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare idzakhala 05:14:07 m'mawa. Chipangizo chimene chidzakhale chikusungabe nthawi mu mabiti 32 sekondi yotsatirayo chidzaganiza kuti tili pa 13 Disembala 1901.

Musataye tulo ndi foni kapena laputopu yanu, zambiri za masiku ano zinasamukira kale ku mabiti 64. Nkhawa ili pa zipangizo zimene zimaikidwa n'kuiwalidwa kwa zaka makumi awiri, ndi pa mafayilo ndi ma database (mosungiramo mindandanda pa kompyuta) akale. Komanso vutoli silidikira 2038: pulogalamu yowerengera ngongole ya zaka 15 kapena penshoni ikugwira kale madeti a kupitirira chaka chimenecho.

Ndinalowetsa manambala a foni mu database, onse asanduka 2147483647. Ndalakwitsa pati?

Mwasunga nambala ya foni ngati nambala yowerengera. Nambala ya ku Malawi yokhala ndi 265 kumayambiriro ili ndi madijiti 12, ndipo singakwane mu mabiti 32. Pulogalamu ya database ya MySQL, ikakhala kuti sanaitchere kukana zolakwika, imangoika nambala yaikulu imene ingakwane. Zinandichitikirapo ndikuthandiza kagulu kena kosungitsa ndalama kulemba mamembala ake: titatsegula mndandanda, aliyense kuyambira wapampando mpaka mlonda anali ndi foni imodzimodzi, 2147483647. Tinachita kubwerera ku kope lolemba pamanja n'kuyambiranso. Nambala ya foni muziisunga ngati mawu, chifukwa palibe tsiku limene mudzaphatikize mafoni awiri, komanso 0 woyambirira uja amasowa mukaisunga ngati nambala.

Ndalama nazo n'chimodzimodzi. Ambiri amasunga ndalama m'matambala pothawa mavuto a madesimo, ndipo nzeruyo ndi yabwino. Koma matambala 2,147,483,647 ndi K21,474,836.47 yokha, mtengo umene galimoto imodzi ikhoza kuupitirira. Gwiritsani ntchito BIGINT kapena DECIMAL, mitundu ya malo a mu database okwana nambala zazikulu.

Kodi palibe pamene kukhala prime kwake kumathandiza kompyuta?

Palipo, ndipo apa mpamene nkhani ziwiri zija zimakumanadi. Kompyuta ikafuna nambala zooneka ngati zamwayi, za magemu kapena zoyesera zinthu, njira imodzi yakale ndi iyi: tengani nambala, muichulukitse ndi 16,807, muigawe ndi 2,147,483,647, musunge chotsala, mubwereze. Mukayamba ndi 1 mupeza 16,807, kenako 282,475,249, kenako 1,622,650,073, ndipo posakhalitsa simungalosere yotsatira ndi maso. Stephen Park ndi Keith Miller anailimbikitsa njirayi mu 1988.

Chifukwa chogawiracho ndi prime, chotsala sichingakhale 0, chimene chikanapha mndandanda wonse. Ndipo 16,807, amene ndi 7 × 7 × 7 × 7 × 7, anasankhidwa mwakuti mndandandawo umadutsa nambala zonse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,646, iliyonse kamodzi, usanabwerere poyambira. Apa nambalayi anaisankhadi dala, poti ndi prime yaikulu kwambiri yokwana m'malo aja. Njirayi si yoyenera pa zachinsinsi monga mapasiwedi, chifukwa wodziwa nambala imodzi akhoza kuwerengera zotsatira zonse.

Kodi ikadali prime yaikulu kwambiri yodziwika?

Inakhala pampando umenewo kwa zaka makumi ambiri kuchokera mu 1772, mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1800. Mu 1876 Lucas anatsimikizira 2¹²⁷ − 1 pamanja, ndipo mu 1883 Ivan Pervushin, wansembe wa ku Russia, anapeza 2⁶¹ − 1, imene ndi Mersenne prime yotsatira yathuyi pamndandanda. Makompyuta atabwera m'zaka za m'ma 1950 liwiro linasinthiratu.

Kuyambira 1996 ntchitoyi ikuyendetsedwa ndi GIMPS, gulu la anthu odzipereka limene analiyambitsa George Woltman, lomwe aliyense akhoza kulowamo pongoika pulogalamu pa kompyuta yake. Mu Okutobala 2024 Luke Durant anapeza 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, Mersenne prime ya nambala 52 pa zodziwika, ya madijiti 41,024,320. Mutaisindikiza madijiti 3,000 pa tsamba lililonse, pangafunike masamba oposa 13,600.

Prime yaikulu kuposa zonse kulibe. Euclid anatsimikizira kuti ma prime satha. Koma ngati ma Mersenne prime nawonso satha, limenelo ndi funso limene akatswiri a masamu sanalimasulebe mpaka lero.